Tsikani pa Dedza, kwawo kwa kuzizira kumene kumatidyetsa

Ku Kanjedza timadziwa kuti chaka chafika pakati phiri la Soche likasowa. Umadzuka m'mawa wa mwezi wa Juni kapena Julaye, kuponya maso kumene phirilo limakhala, n'kupeza nkhungu yokhayokha ili mbuu, kamvula kowaza kakugwa osaleka. Chimenecho ndiye chiperoni, mphepo yachinyontho yochokera kunyanja yaikulu ya Indian, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Masiku oterowo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa, amayi ogulitsa mandasi amafunda zitenje ziwiriziwiri, ndipo mbaula imalowa m'nyumba dzuwa likadalipo. Pa siteji ya minibasi sipalephera kupezeka wina wonena kuti, "Lero ndiye kwazizira ngati ku Dedza."

Mawu amenewa ndakula nawo, ndipo nanenso ndawayankhula kambirimbiri. Koma kufikira chaka chino, Dedza ndinkangomudziwira pawindo la basi. Ndadutsapo maulendo osawerengeka popita ku Lilongwe: phiri lalitali kudzanja lamanja, mitengo ya paini, ndowa za mbatata zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu, kenaka basi n'kupitirira. Ambiri a ife a ku Blantyre ndi mmene timachitira. Tikaona phiri la Dedza timangoti Lilongwe wayandikira, n'kuyamba kusonkhanitsa zikwama.

Amene anandidzutsa ndi mayi wina amene ndimagulako mbatata ya kachewere mumsika wa Limbe. Tsiku lina ndikudandaula za kuzizira, iwo anaseka n'kundikumbutsa kuti mbatata imene ndinali kusankhayo ndi mwana wa kuzizira komweko, ndipo kukanakhala kotentha sindikanaipeza. Katundu wawo amakaoda ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pobwerera kunyumba ndinayamba kuwerenga: tchipisi cha pa chiwaya ku Ndirande, kabichi wa ndiwo ku Bangwe, anyezi ndi karoti wa pa ukwati ku Chilomoni. Gawo lalikulu la zimenezi limatsika kuchokera kumapiri a m'malire aja. Anthu amene amatidyetsa sitiwadziwa, ndipo kwawo sitinapondeko. Ndinatsimikiza mtima kuti ulendo uno ndikatsika, ndikagone komweko.

Kutsetsereka kaye, kenaka chitunda

Kuchokera ku Blantyre kufika ku Dedza pali makilomita pafupifupi 230 pa msewu wa M1, ndipo ulendowu munthu amayamba kuumva ndi khungu. Ndinakwera basi ya m'mawa pa Wenela nditavala juzi ndi jekete. Titadutsa Lunzu ndi Lirangwe msewu unayamba kutsetsereka, ndipo pofika pa Zalewa, poolokera mtsinje wa Shire, jekete inali pamiyendo, juzi ndavula kale. Kumeneko n'kuchigwa, mamita osafika 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Milambe ili njo, mbuzi zabisala pamthunzi, anyamata akuthamangira basi ndi madzi ozizira. Mwezi womwewo wa Julaye, dziko lomwelo, wina akusaka mthunzi pamene mnzake ku Kanjedza akupemerera mbaula.

Kuyambira pa Phalula, kudutsa pa geti lolipirira msewu la Chingeni mpaka pa boma la Ntcheu, msewu umakwera pang'onopang'ono. Ukangotuluka m'boma la Ntcheu chitunda chenicheni chimayamba. Injini imalira, makutu amatsekeka, ndipo mmodzimmodzi anthu amayamba kutseka mawindo. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anavundukula chikwama, kutulutsa kachipewa ka ulusi n'kumuveka mwana wake wakhanda, osanena kanthu. Anali wa kumeneko, ankadziwa pamene mphepo imayambira.

Kwa makilomita ambiri a dera limeneli, msewu ndiwo malire. Kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi boma la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Palibe mpanda, palibe waya. Munthu amaoloka msewu dengu lili pamutu, wachoka dziko lina walowa lina, ndipo mbali zonse ziwiri moni wake ndi wa Chichewa. Tsidya lakumanzere mukuonekabe zipupa za masitolo akale zopanda madenga, zipsera za nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992. Nthawi ya nkhondoyo dziko la Malawi linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo midzi ya Ntcheu ndi Dedza inalandira ochuluka. Ambiri mwa iwo anafikira kwa abale awo, anthu a chiwongo chimodzi amene mzere wa pa mapu unawalekanitsa.

Pa Lizulu basi itangoima msika unatizinga: kabichi wolemera ngati mwala, karoti, anyezi wa m'mitolo, tomato wosanjikizidwa timilu, nyemba, nsawawa, ndi mbatata ya m'ndowa zodzaza mpaka kusefukira. Lizulu ndi likulu la Inkosi ya Makosi Gomani, mfumu ya Angoni a kwa Maseko. Angoniwa anakhazikika ku phiri la Domwe, lomwe lero lili mbali ya Mozambique, cha m'ma 1870, malire asanalembedwe. Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi asilikali a boma la atsamunda mu 1896. Mbiri yonseyi yagona m'mbali mwa msewu umene timaudutsa tikuodzera.

Tauni ya msewu umodzi

Ndinatsika pa mphambano yolowera m'tauni dzuwa litapendeka, ndipo woyamba kundilonjera inali mphepo. Kuzizira kwa ku Kanjedza n'konyowa, kumadza ndi nkhungu ndi kamvula. Kwa ku Dedza tsiku limenelo kunali kouma: kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala koma lopanda ukali, mphepo ikulasa m'makutu ndi kunsonga za zala. Mnyamata wa kabaza amene ananditenga anali atavala chipewa cha ulusi ndi majekete awiri.

"Akulu, chofunda mwatenga chokwanira?" anandifunsa tisananyamuke n'komwe.

Funso lomweli ndinalimvanso kwa anthu ena awiri dzuwa lisanalowe, ndipo ndinazindikira kuti kumeneko ndi mbali ya moni wa mlendo.

Chifukwa cha kuzizirako ndi kukwera kwa malo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo palibe boma lina m'Malawi lokwera kuposa pamenepo. Blantyre ili pa mamita 1,000 ndi pang'ono. Mpweya umanka nuzizira munthu akamakwera, madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, ndipo wochokera pa Zalewa amakhala atakwera mamita oposa 1,000 m'maola ochepa. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo m'madambo nthawi zina mumagwa chisanu chimene chimawaula masamba a mbewu ngati zapsa ndi moto.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa pang'ono 30,000 m'tauniyi, pamene boma lonse la Dedza lili ndi anthu oposa 830,000. Ndirande yekha amaiposa tauni yonseyi. Ndiye kuti pa anthu 100 alionse a m'bomali, pafupifupi 96 amakhala kunja kwa tauni, m'midzi ya mafumu monga Kamenyagwaza, Kasumbu, Kaphuka, Kachere, Tambala ndi Kachindamoto. Tauniyo yangokhala kachilumba pakati pa minda. Ukayenda pansi pang'ono kuchokera kumsika, wafika kale pa mizere ya mapesi, nkhokwe ndi ngolo za ng'ombe.

Popeza M1 amalambalala tauni, magalimoto akuluakulu amadutsira kunja, ndipo m'kati muli bata. Pali msewu umodzi waukulu, ndipo m'mbali mwake muli masitolo, msika, depoti, chipatala ndi maofesi a boma. Chakumtunda, m'tsinde mwa phiri, kuli nyumba zakale za njerwa zokhala ndi machumuni otulutsira utsi wa moto wa pabalaza, chinthu chimene ku Nsanje kapena ku Chikwawa womanga nyumba sangachiganizire.

Kuchepa kwa tauniyi kusakupusitseni. Kuno ndiko kuli Dedza Government Secondary School, imene dziko lonse limaidziwa ndi nambala ya bokosi lake la makalata, Box 48. Inatsegulidwa mu 1951, kutsatira Blantyre Secondary School ya 1940 ndi Zomba Catholic ya 1942, nthawi imene malo a sekondale m'dziko lonse la Nyasaland anali owerengeka. Anyamata ochokera ku Karonga, ku Thyolo, ku Nkhotakota ankabwera kudzanjenjemera limodzi m'magonero ake, ndipo ambiri anadzakhala madokotala, maloya, aphunzitsi ndi nduna. Bingu wa Mutharika, mtsogoleri wachitatu wa dziko lino, anaphunzira pomwepa. Kunonso ndiko kuli Dedza Pottery, malo oumba makapu, mbale ndi miphika yadothi amene anayamba mu 1987. Ndinakhala nthawi ndikuyang'ana mmisiri wina akuzunguza chibuma cha dothi pa gudumu, zala zonyowa zikukwera nacho mpaka chinasanduka kapu. Kapu yotere imakathera pa tebulo ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja, pansi pake patalembedwa dzina la tauni yaing'onoyi.

Dzuwa litangolowa kuseri kwa mapiri a ku Mozambique, tauni yonse inasonkhana pamoto. Pa chiwaya cha tchipisi panali anthu ambiri oothera kuposa ogula, ndipo mwini chiwaya sanathamangitse aliyense. Alonda a masitolo anayatsa timoto m'makhonde, atadzikulunga mabulangete mpaka m'mphuno. M'tiyirumu ina ndinamwa tiyi wamkaka wotentha ndi sikono, kapu nditaigwira ndi manja onse awiri. Pofika 8 koloko msewu unali zii. Kumalo ogona alendo, mayi woyang'anira anagogoda pachitseko atanyamula bulangete lachiwiri ndisanapemphe.

"Bambo, limodzi silikwana kuno. Madzi osamba ndikutenthetserani m'mawa," anatero, n'kutseka chitseko.

M'dimba la ku Bembeke

Kutacha ndinakwera njinga yamoto kubwerera chakumwera, ku Bembeke. Udzu wa m'mbali mwa njira unali utayera ndi mame, nkhungu itagona m'madambo ngati thonje, mitu ya mapiri yokha ikusuzumira pamwamba. Ndinatsika m'mbali mwa dambo lina ndipo ndinapeza bambo wina wachikulire ndi akunyumba kwawo ali kale pantchito.

"Odi kuno, bambo!"

"Afike, afike. Mwatipeza tili m'matope."

Anali osavala nsapato, mathalauza atapinda mpaka m'mawondo, akutunga madzi pachitsime cha m'dimba ndi makeni awiri. Ndinaviika chala m'madzimo n'kuchitulutsa msanga. Iwo anali atalowamo ndi kutulukamo kuyambira mbandakucha. Zidendene zawo zinali ndi zikang'a zakuya, manja atauma gwa. Mayi aja anali atawerama mbali ina ya dimba kumene mbatata inali itakhwima, masamba atafota. Ankalasa khasu pambali pa mzere, osati pa phata, kuopa kutema mbatata, kenaka n'kunyamula dothi lonse. Dothi lakuda bii linkagumuka, mbatata zofiirira khungu n'kugubuduzika, zina zazikulu ngati chibakera, zina ngati mazira. Zazikulu ankaponya mulu wake, zapakati mulu wake, zazing'ono n'kuika padera kuti zidzakhale mbewu.

Bambo aja anandifotokozera zimene sayansi nayonso imavomereza: kachewere amafuna usiku wozizira kuti aike pansi. Kotentha amangobiriwira masamba, ukafukula supeza kanthu. Mbewuyi kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes ku South America, m'maiko a Peru ndi Bolivia, ndipo kulikonse kumene yapita imasaka malo okwera. Ku Malawi inawapeza ku Dedza, ku Ntcheu makamaka Tsangano, ku Neno, ku Ntchisi ndi kumapiri a kumpoto. Imakhwima pa miyezi itatu kapena inayi, choncho mlimi amabzala ya kumunda nthawi ya dzinja, n'kudzabzalanso ya kudimba nthawi ya chilimwe. N'chifukwa chake chiwaya cha ku Zingwangwa sichizima chaka chonse.

Titakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, anayamba kundiwerengera zimene zimawasowetsa tulo. Choyamba ndi chiwawu, matenda amene amakonda nyengo ya nkhungu ndi chinyontho. Masamba amada ngati awauka, ndipo m'masiku ochepa dimba lonse lagona ngati mlimi sanapopere mankhwala. Chachiwiri ndi mbewu: akabzala yobwerezabwereza zaka zambiri imatopa, matenda amaunjikana m'kati mwake, zokolola n'kumanka zichepa, pamene mbewu yabwino ndi yosowa ndiponso yodula. Chachitatu ndi feteleza, amene mtengo wake wakhala ukukwera chaka ndi chaka.

Koma chimene anachinena motsitsa mawu ndi chachinayi. Mbatata siili ngati chimanga chimene ungatsekere m'nkhokwe kudikira mtengo wabwino. Ikakumbidwa imafuna kuchoka, apo ayi iyamba kumera kapena kuola. Ogula ochokera kutauni amazidziwa zimenezi. Amabwera ndi matumba awo osokerera pamwamba, thumba limodzi lolowa katundu woposa wa thumba wamba, mtengo n'kutchula okha. Mlimi amene fizi ya mwana ikumudikira sakhala ndi mphamvu yokana. Nditawauza mtengo wa kambale ka tchipisi ku Limbe, bambo aja anangopukusa mutu, n'kudzuka kukatenga makeni awo.

Sindikunyoza mavenda. Nawonso amalipira galimoto, amagona panja pa matumba awo, ndipo katundu akaola panjira amaluza okha. Koma pa mzere wonse wochokera kudimba kufika pa mbale yanga, amene amalowa m'madzi ozizira mbandakucha ndiye amatsala ndi kochepa. Alimi atakhala m'magulu olimba ogulitsira pamodzi, atakhala ndi mosungira mbatata mopita mphepo, ndi sikelo m'malo mwa thumba losokerera, nkhani ikanasintha. Zimenezi si zinthu zosatheka.

Ndisanachoke ku Bembeke ndinakwera ku mishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua, m'munsi mwa mapiri chakunyanja, mu 1902, ndipo mu 1910 anatsegula mishoni ya Bembeke kumtunda kozizira kuno, kutali ndi kutentha ndi malungo a kuchigwa. Lero tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza chili pompano. Dayosiziyi ili ndi mbiri yonyaditsa: Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wachikatolika wa dziko lino, anadzozedwa mu 1957 kukhala episkopi wa Dedza, Mmalawi woyamba kufika pa udindowo, ufulu wodzilamulira usanabwere. Pafupi pomwepo pali sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya St Joseph's ndi malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi, kumene amayesera mbewu za kozizira.

Pamwamba pa phiri

Tsiku lachitatu ndinalawirira phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, nditapeza mnyamata wa m'deralo wondiperekeza. Njira yake ndi msewu wadothi wopita ku nsanja za mawailesi ndi mafoni zimene zili pamwamba. Munthu wa mphamvu zake amafika m'maola awiri kapena atatu. Kumunsi tinadutsa m'nkhalango ya paini, fungo la utomoni lili guu, masamba ake ouma akuterera kumapazi. Tinakumana ndi amayi akutsika atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa misinkhu yawo, nthunzi ikutuluka m'kamwa popereka moni.

Chapakati pa phiri mtima unandiwawa. Malo aakulu atsala zitsa zokhazokha, ena akuda ndi moto wolusa. Mnyamata uja anandilozera khwawa limene ali mwana ankasambamo chaka chonse, koma tsopano limauma chilimwe chisanafike pakati. Madzi a m'madimba a kumunsi amachokera m'mapiri ngati amenewa, ndipo mtsinje wa Linthipe, umene umakathira m'nyanja ku Salima, umayambira kumtunda konkuno. Mitengo ikatha pamwamba, chitsime cha bambo a ku Bembeke aja chidzaphwa, ndipo ndowa ya mbatata ku Limbe idzakwera mtengo. Makala a mbaula yanga ku Kanjedza amachokera kumapiri ena, koma mlandu wake ndi womwewu, ndipo ife a m'tauni tili nawo mbali.

Pamwamba penipeni mphepo inali yokankha munthu. Tinabisala kuseri kwa thanthwe n'kuyang'ana dziko. Kum'mawa, kutali pansi, nyanja ya Malawi inali kunyezimira ngati lata latsopano. Kumadzulo kunali zigwa ndi mapiri a Angónia. Kumpoto kunali phiri la Chongoni ndi timapiri tamiyala tosawerengeka. Tauni ya Dedza inali pansi pa mapazi athu, kadontho ka malata pakati pa minda yopanda malire, madimba obiriwira akutsata makhwawa ngati mitsempha ya padzanja. Ndili pamenepo ndinamvetsa kuti tauniyi imapuma ndi mpweya wa midzi yoizungulira. Mudzi ukakolola, sitolo imagulitsa, kabaza amapeza wokwera, telala amasoka yunifolomu.

Makalata a makolo pa thanthwe

M'mawa wa tsiku lomaliza ndinapita ku Chongoni, kudzera njira ya ku Malawi College of Forestry and Wildlife, sukulu yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zakutchire. M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pa miyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dera lonseli pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Malo oyamba a ku Malawi kulowa pa mndandandawu anali Lake Malawi National Park mu 1984. Alendo amaonetsedwa makamaka malo atatu: Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Ku Chencherere tinakwera kaphiri kamiyala mpaka pansi pa thanthwe lalikulu lopendekera, longa khonde, lotha kubisa anthu ambiri mvula ikamagwa. Poyamba maso saona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ukaima phee, zojambula zimayamba kutuluka pa mwalawo. Pali zofiira, zozilala ndi ukalamba, zozungulira, mizere yondondozana, zina zonga makwerero. Izi anajambula Akafula, alenje aafupi misinkhu amene anali kuno Achewa asanafike, omwe agogo athu ankawatchula kuti Amwandionerapati. Nthano imati ukakumana naye ankakufunsa pamene wamuonera, ndipo wanzeru ankayankha kuti wamuonera kutali. Pamwamba pa zofiirazo ndi pambali pake pali zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, zina zonga nyama zotambasula miyendo. Izi ndi za Achewa. Zina zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana, anamkungwi akamalangiza anamwali, ndipo zina, makamaka ku Namzeze, ndi zilombo za Gule Wamkulu.

Chimene chimapatsa ulemu malowa n'chakuti mwambo wake sunafe. Chinamwali chikuchitikabe m'midzi yozungulira, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, akuvinidwabe pa maliro ndi pa kulonga ufumu. Wojambula zoyerazo ndi woonerera ndi anthu a mtundu umodzi. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mayi amene anaviika chala m'dothi loyera zaka zambirimbiri zapitazo, m'kuzizira komweku, kuti aphunzitse mwana wa mnzake za ukulu.

Koma pambali pa zojambulazo panali maina a anthu a masiku ano, olembedwa ndi makala ndi choko, ena odutsa pamwamba penipeni pa zofiira zija. Chimene chapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwo yosawerengeka chikhoza kufafanizika ndi dzanja la mnyamata mmodzi wofuna kuti anzake adziwe kuti anafikapo. Ana athu sangalemekeze chimene sanauzidwe, ndipo sitingawauze chimene ife eni sitinachione.

Mawu kwa anzanga a m'tauni

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masana a tsiku lomwelo ndinakwera basi yobwerera, ndowa ya mbatata ya ku Bembeke ili pansi pa mpando. Pa Zalewa ndinavulanso juzi, ndipo pofika ku Kanjedza madzulo chiperoni chinali chitayambanso, Soche wasowa. Usiku umenewo tinadya mbatata yophika yothira tomato ndi anyezi, ndipo ndinawafotokozera ana za bambo wa makeni awiri ndi zikang'a zake. Palibe amene anasiya chotsala m'mbale.

Tikamakamba zokaona malo, maganizo athu amathamangira kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, mwinanso kunja kwa dziko. Dedza ali pakhomo, pa msewu umene timaudutsa kale, ndipo safuna chikwama cholemera. Tengani juzi, jekete, chipewa ndi nsapato zolimba. Mukafuna kukwera phiri kapena kuona mapanga a Chongoni, pezani munthu wa komweko akuperekezeni, ndipo mumulipire bwino. Okhala ndi nthawi atsikire ku Mua kudzera msewu wokhotakhota wa Masasa kupita ku Golomoti, akaone malo a chikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Aphunzitsi a ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Machinjiri, ulendo wa ana asukulu ulowereko kumeneku, ana akaone okha zimene amangoloweza m'mabuku. Pa thanthwe musalembepo kanthu. Ndipo mukaima pa Bembeke kapena pa Lizulu kugula ndowa ya mbatata, musamufinye mlimi mpaka atsale ndi manja okha. Munthuyo analowa m'madzi ozizira inu mukadali m'bulangete.

Ulendo wotsatira wa ku Lilongwe, nyamukani tsiku limodzi msanga, ndipo muuzeni kondakitala kuti mutsika pa Dedza.